Za sitiroko zilembedwe kuti wodwazika ndi dokotala amvane



Ngati pakhomo panu pali munthu amene anadwalapo sitiroko, katengeni buku lake la kuchipatala, mutsegule patsamba la tsiku limene anatuluka mu wodi. Kawirikawiri mupezapo timizere tiwiri kapena titatu tolembedwa mothamanga: CVA, kenako HTN, kenako R hemi, physio, pansi pake R/V 1/12. Dokotala mnzake akangoponyapo diso, nkhani yonse waimva. Munthuyu wadwala sitiroko, gwero lake ndi BP, mbali yakumanja yafooka, akufunika mafizo, adzabwerenso pakatha mwezi umodzi. Koma bukulo silitsala m'manja mwa dokotala. Limalowa m'chikwama cha mwana wamkazi wa wodwalayo, n'kukwera naye minibasi ya ku Thyolo kapena ku Ntcheu. Ameneyo ndiye azikawasambitsa mayi ake, kuwatembenuza usiku, kuwadyetsa ndi kuwamwetsa mankhwala. Pa timizere tija iye satolapo kanthu. Ndipo 1/12 ija akhoza kuiyesa 1 December, n'kudikira mpaka mvula itagwa.

Tsono yang'anani zomwe zimalembedwera ife anthu wamba. Zikwangwani ndi timapepala timati sitiroko ndi matenda oopsa, pewani zakudya zosayenera, thamangirani kuchipatala msanga. Palibe bodza pamenepo. Koma msanga ndi liti? Lero, mawa, kapena malipiro akatuluka? Zakudya zosayenera ndi ziti? Kiliniko ofisa wa pachipatala chaching'ono akawerenga sapezamo chomuthandiza, nayenso mlimi akawerenga amangogwedeza mutu n'kupitiriza ulendo. Zolembera madokotala zatsekeredwa m'zidule, zolembera anthu wamba zasungunulidwa mpaka kutsala madzi okha.

Ine ndimaona kuti tinalakwitsa poganiza kuti owerenga awiriwa amafuna choonadi chosiyana. Onse amafuna yankho la funso limodzi: pa ola lino, ine amene ndagwira pepalali ndichite chiyani, nanga ndisachite chiyani? Dokotala amafuna kuti yankholo lizame, wodwazika amafuna kuti lifupike, koma yankho ndi lomwelo.

Tiyambire pa matendawo. Sitiroko imachitika mu ubongo, ngakhale anthu amaionera pa mkono ndi mwendo. Ilipo ya mitundu iwiri. Tayerekezani paipi yothirira m'dimba. Ikatsekeka, mbewu za kutsogolo zimauma. Ikaphulika, madzi amasefukira pamalo amodzi, mbewu za kutsogolo zimaumabe. Mtsempha wa magazi mu ubongo umatero: pena umatsekeka ndi magazi oundana, pena umang'ambika magazi n'kutayikira mkati. Ku Ulaya ndi ku America, pafupifupi 85 mwa odwala 100 amakhala a mtsempha wotsekeka. Kuno ku Africa ya mtsempha wong'ambika ndi yochulukirapo; kafukufuku wa SIREN ku Ghana ndi ku Nigeria anapeza kuti inali pafupifupi m'modzi mwa odwala atatu alionse.

Wina anganene kuti zimenezi n'za m'kalasi la madokotala, mlimi alibe nazo ntchito. Ali nazo. Pali anthu ambiri amene anamvapo kuti aspirin amachepetsa kuundana kwa magazi, ndipo bambo akagwa, mwana amathamangira kugolosale kukagula. Ngati mtsempha watsekeka, aspirin amathandizadi, ndipo madokotala amamupereka. Koma ngati wang'ambika, aspirin angathe kuwonjezera kutayika kwa magazi. Vuto n'lakuti poyang'ana ndi maso, mitundu iwiriyi imafanana. Dokotala wa ku Switzerland, Johann Jakob Wepfer, anasonyeza kale mu 1658, atang'amba mitembo, kuti magazi otayikira mu ubongo amatha kugwetsa anthu mwadzidzidzi chotere. Papita zaka zoposa 360, koma mpaka lero chotsimikizira munthu ali moyo ndi kujambula mutu ndi makina a CT kapena MRI, omwe kuno amapezeka m'zipatala zochepa za m'mizinda. Choncho wolembera anthu wamba alembe chiganizo chimodzi chosapita m'mbali: musamupatse aspirin kapena mankhwala ena alionse kunyumba. Wolembera madokotala afotokoze zoyenera kuchita pamene CT palibe. Koma kapepala kongoti sitiroko ndi kutsekeka kwa mitsempha, osatchula mtundu wachiwiri, kakumutuma mwana uja kugolosale.

Tibwere pa nthawi. Mu 2006 dokotala wa ku Los Angeles, Jeffrey Saver, anawerengetsa kuti mtsempha waukulu ukatsekeka, ubongo umataya maselo pafupifupi 1.9 miliyoni pa mphindi iliyonse. Pofuna kusataya nthawi, ku Britain mu 1998 madokotala ndi ogwira ntchito mu ambulansi anakonza njira yachidule yozindikirira sitiroko yotchedwa FAST, ndipo mu 2009 boma la kumeneko linaifalitsa pa wailesi ndi pa kanema. Zinthu zake ndi zinayi: nkhope, mkono, kulankhula ndi nthawi. Muuzeni munthuyo amwetulire, muone ngati pakamwa pakhotera mbali imodzi. Muuzeni akweze manja onse awiri, muone ngati wina ukugwa. Muuzeni anene chiganizo chachifupi, mumve ngati mawu akutuluka bwino. Chimodzi chokha chikaoneka, nthawi yakwana.

Zitatu zoyambazo n'zabwino kwambiri, ndipo zimagwira ntchito ku Britain ngakhale ku Nsanje. Mwana wa sitandade 5 angathe kuzichita. Chachinayi ndiye chimatipunthwitsa tikamangokopera. Kwawoko chimatanthauza kuimba 999, ambulansi ibwere, wodwala ajambulidwe, apatsidwe mankhwala osungunula magazi oundana otchedwa alteplase. Kafukufuku wa ku America wa 1995 anasonyeza kuti amathandiza akaperekedwa pasanathe maola 3, ndipo wa ku Ulaya wa 2008 anatalikitsa mpaka maola 4 ndi theka. Kwa munthu wa ku Mwanza kapena ku Chitipa, kumuuza kuti aimbe foni n'kudikira ambulansi pakhomo n'kumusocheretsa. Kapepala kathu kanene zimene zingathekedi: pezani galimoto iliyonse tsopano lino, ngakhale ya mnansi amene simulankhulana naye, mugonekeni wodwalayo chammbali, mum'masule zovala zothina, tengani buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa, ndipo lembani nthawi.

Ndamvapo anthu ophunzira akufunsa kuti, popeza mankhwala osungunula aja ambiri a ife sitingawapeze, kuthamangako n'kwa chiyani? Funsoli ndi lomveka, ndipo zolemba zathu zambiri zimalizemba. Yankho lilipo. Choyamba, si aliyense wokhota pakamwa amene ali ndi sitiroko. Shuga akatsika kwambiri m'magazi, makamaka kwa omwe amamwa kapena kubaya mankhwala a shuga, munthu amaoneka ngati wa sitiroko, ndipo kuyeza kwa mphindi imodzi pachala ndi kumupatsa shuga wa m'diripi kumamudzutsa. Matenda oumitsa khosi ndi malungo a mu ubongo nawo angathe kusokoneza chimodzimodzi. Chachiwiri, ambiri amene amamwalira masiku otsatira amaphedwa ndi zobwera pambuyo: chibayo, kusowa madzi m'thupi, kutentha thupi, zilonda za pogona. Bungwe la Cochrane, lomwe limasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'mayiko ambiri, linapeza kuti odwala osamaliridwa mu wodi yapadera ya sitiroko amapulumuka ndi kubwerera kwawo mochuluka kuposa a mu wodi wamba. Chinsinsi chake si mankhwala okwera mtengo, koma anamwino, madokotala ndi a mafizo ochita zinthu zing'onozing'ono mwadongosolo. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chili ndi wodi yotere tsopano. A Cochrane omwewo, tinene podutsa, lipoti lawo lililonse limakhala ndi chidule cha m'mawu osavuta pambali pa manambala a akatswiri, ndipo ziwirizo sizitsutsana. Ndi chitsanzo choyenera kutengera.

Pa zing'onozing'onozo pali chimodzi chimene ndikufuna tichedwepo, chifukwa chimakhudza chikondi chathu. Kwathu kuno munthu akadwala timamuphikira phala. Akakana timamunyengerera. Akalephera kudzuka timamutsamiritsa pachifuwa pathu, supuni m'manja: "Amayi, tangolawaniko pang'ono, simunadye chidzulo." Ndi ulemu wathu umenewo, ndipo wodwazika amene sadyetsa wodwala wake anzake amamunena. Koma sitiroko imafooketsa minofu yomezera mwa odwala ambiri, makamaka masiku oyambirira. Phala lija, madzi aja, m'malo mopita m'mimba zimalowera kumapapo. Ena amatsamwa n'kutsokomola, apo mumadziwa. Ena satsokomola n'komwe, mawu okha amamveka ngati a munthu amene ali ndi madzi kukhosi, ndipo pakatha masiku awiri thupi latentha, chibayo chalowa. Dokotala amalemba NPO kapena NBM m'fayilo, kutanthauza kuti asalandire kanthu pakamwa, n'kupita pabedi lina. Wodwazika, yemwe sanauzidwe chifukwa chake, amadikira namwino atuluke, n'kutulutsa fulasiki pansi pa bedi. Sakuchita mwano. Akuona mayi ake akufa ndi njala. Zilembo zitatu zija sizingapose chifundo cha mwana. Chimene chingamuletse ndi kumufotokozera: musawapatse chakudya kapena madzi mpaka namwino atawayeza kumeza, chifukwa zikhoza kulowa m'mapapo, pakali pano madzi akulandira kudzera m'diripi, ndipo ngati sangameze tiwaika kapaipi ka m'mphuno kopita m'mimba. Chiganizo chimenechi chikanamatidwa pamutu pa bedi lililonse, m'chinenero cha wodwazikayo, chikanapulumutsa anthu.

Nayenso dokotala ali ndi chimene amafuna kwa banja, ndipo banja silidziwa kuti n'chofunika. Mvetserani mmene zimakhalira m'chipinda cholandirira odwala.

"Bambo, mayi anu anayamba nthawi yanji?"

"Adokotala, tangowapeza m'mawa atagwa."

"Nanga munawaona komaliza ali bwinobwino nthawi yanji?"

"Aa, dzulo madzulo tinadya nawo limodzi, ankacheza ndithu. Anakagona nkhani za 8 koloko zitangotha."

Funso lachiwirilo ndilo lenileni. Madokotala amawerenga nthawi kuchokera pamene munthu anaoneka komaliza ali bwino, osati pamene anapezeka atagwa. Kapepala kabwino kamaphunzitsa banja kubwera ndi yankho limeneli, ndipo fomu yabwino ya kuchipatala imakhala ndi malo ake olembapo. Taonani, mfundo ndi imodzi, yalembedwa kawiri, kuti awiriwa akakumana amvane.

Tsono pali zimene olemba a zaumoyo amachita nazo manyazi kuzitchula. M'midzi ndi m'matauni momwe, munthu akagwa mwadzidzidzi, pakamwa n'kukhota, mumamva kuti wamenyedwa ndi hamala. Wolemba wophunzira amadumpha nkhaniyi, kapena amainyoza ndi mawu amodzi akuti zikhulupiriro zachikale. Ine ndikuti aitchule, ndipo aitchule mwaulemu. Taganizani: munthu anagona ali bwino, usiku walira kuti mutu ngati wamenyedwa ndi chinthu, m'mawa mbali imodzi yafa, chilonda palibe. Wosadziwa za mitsempha anena chiyani? Kupweteka kwa mutu koopsa kobwera kamodzin'kamodzi kumachitikadi mtsempha ukang'ambika. Wolemba avomereze kuti zimene banja linaona ndi zoona, kenako afotokoze chimene chachitika mkati mwa mutu. Akapanda kutero, galimoto ija imayamba yakhotera kwa sing'anga, ndipo chala chimalozedwa kwa gogo wina wosalakwa. Tikudziwa zimene zachitikira okalamba ena m'dziko muno chifukwa cha kulozedwa chala kotere.

Azibale athu a m'tauni asaseke. Pa WhatsApp pamayenda uthenga wakuti munthu akagwa ndi sitiroko mubaye nsonga za zala zake ndi singano kuti magazi atuluke. Ndi bodza, silithandiza, limangodya nthawi. Koma onani mmene bodzalo linalembedwera: ndi lalifupi, likunena chochita, likunena chida, likunena malo obaya. Olemba zoona aphunzirepo kalembedwe pamenepo.

Gwero lalikulu la sitiroko ndi BP. Kafukufuku wa INTERSTROKE, wochitika m'mayiko 32 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anapeza kuti zinthu 10 zotheka kusinthidwa ndizo zimachititsa pafupifupi 90 mwa sitiroko 100, ndipo BP ndiyo inali patsogolo. Kuno kwathu kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti munthu m'modzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Apa zolemba zathu zimalephera pa chinthu chimodzi. Anthu ambiri amaganiza kuti BP ndi maganizo, imakwera ukakhumudwa, imatsika ukasangalala, ndipo mankhwala ake amamwa ngati panado, mutu ukapweteka. Botolo likatha, thupi lili bwino, basi. Palembedwe poyera kuti BP yoyambira 140 pa 90 kupita m'mwamba ndi yokwera ngakhale munthu asakumva kupweteka paliponse, ndipo mankhwala monga amlodipine kapena HCTZ amamwedwa tsiku lililonse, osasiya popanda kuuzidwa ndi dokotala. Za mchere, bungwe la WHO limati usafike magalamu 5 patsiku. Magalamu 5 palibe amawayeza kukhitchini. Lembani kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, tsiku lonse, kuwerengera ndi mchere wa mu nsomba zouma, wa pa tchipisi, wa m'timakyubu tokometsera ndiwo, osaiwala soda wa m'therere.

Chitsanzo chovuta koposa ndi cha HIV. Pa chipatala cha Queen Elizabeth, Dr Laura Benjamin ndi anzake anachita kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya madokotala ya Neurology. Anapeza kuti kwa achikulire BP ndiyo inkatsogola, koma mwa odwala sitiroko a zaka 45 kutsika m'munsi, pafupifupi awiri mwa atatu anali ndi HIV, ndipo chiopsezo chinali chachikulu kwambiri m'miyezi 6 yoyamba kumwa ma ARV. Dokotala ayenera kudziwa zimenezi, kuti amuyeze HIV wachinyamata aliyense wobwera ndi sitiroko, ndi kuyang'anira mosamala amene angoyamba kumene mankhwala. Koma taganizani mtolankhani wofulumira atalemba mutu wakuti ma ARV amayambitsa sitiroko. Mawa lake mabotolo ali m'chimbudzi. Pomwe kafukufuku yemweyo anasonyeza kuti amene anali ndi HIV koma osamwa mankhwala analinso pa chiopsezo chokwera, kuti chitetezo cha m'thupi chotsika chinkawonjezera ngoziyo, ndipo kuti amene anamwa kupitirira miyezi 6 chiopsezo chawo chinatsika. Uthenga woona kwa munthu wamba ndi wakuti yezetsani msanga, yambani mankhwala chitetezo chisanagwe, musasiye. Kubisa zotsatirazo kukanakhala kunama, kuzinena theka kukanapha anthu. Wolemba amene sangathe kusenza mbali zonse ziwiri m'ndime imodzi asalembe za nkhaniyi.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma sitiroko nthawi zina imaimba. Mkono umafooka, lilime limalemera, pakatha mphindi 10 zonse zabwerera m'malo, munthu n'kumati kanali kamphepo chabe. Madokotala amalemba TIA. Masiku oyambirira pambuyo pake ndi amene sitiroko yeniyeni imakonda kubwera. Peter Rothwell ndi anzake ku Oxford anasonyeza mu 2007 kuti kumuona ndi kumuyambitsa mankhwala mwamsanga munthu wotereyu kunachepetsa ngozi ya sitiroko yotsatira ndi pafupifupi 80 pa 100. Kwa inu omvera, chiganizo chake n'chachifupi: ngakhale zitatha zokha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Tisaiwale wowerenga wachitatu, wodwala mwiniwake. Mbali ya kumanzere ya ubongo imalamulira dzanja ndi mwendo wakumanja, ndipo kwa anthu ambiri ndi komwenso kumakhala kulankhula. Dokotala Paul Broca anasonyeza za kulankhulako ku Paris m'zaka za m'ma 1860. N'chifukwa chake wofooka kumanja nthawi zambiri mawu amamuthawa. Sanapenge, ndipo ambiri amamva zimene mukunena pambali pa bedi lawo. Zomulembera zikhale ziganizo zifupizifupi, zilembo zikuluzikulu ndi zithunzi. Banja liuzidwe kuti mafizo oyamba msanga amathandiza, kaya pachipatala cha boma kaya ku Kachere ku Blantyre, komanso kuti dzanja lofookalo lisakokedwe pomudzutsa, chifukwa phewa limavulala.

Nanga wolemba adziwa bwanji kuti walemba zomveka? Osati pofunsa anzake a mu ofesi. Atenge pepalalo apite nalo kukhitchini ya odwazika kuseri kwa chipatala, awawerengere amayi ali pamoto, kenako awapemphe abwereze m'mawu awo zimene akachite. Pamene akakamire, vuto ndi la pepala. Akatero apite nalo kwa kiliniko ofisa aone ngati pofewetsa mawu sanakhotetse choonadi. Pepala lipite kosindikiza pokhapokha likadutsa kwa onse awiri.

Pa 29 October chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira za sitiroko, ndipo bungwe la World Stroke Organization limakumbutsa kuti munthu m'modzi mwa anayi opitirira zaka 25 adzadwala matendawa m'moyo wake. Adokotala ndi anamwino amene mukumvetsera, zidule zanu pitirizani kulemba, anzanu amazifuna, koma pansi pake onjezani mizere itatu m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao: mankhwala amwe motani, adye motani, abwerenso pa deti liti. Ndipo inu odwazika, musatuluke mu wodi musanapemphe kuti akuwerengereni zimene zalembedwa m'bukulo, n'kuzibwereza inuyo pamaso pa namwino mpaka avomereze kuti mwamva bwino.